Mpweya wa Lendi

Ku Kalingalinga, munthu akafuna geti losagwedezeka ankapita kwa Josiah Mbewe, wowotcherera zitsulo. Chitsulo ankachipinda mmene wafunira, koma iye mwini panalibe womupinda. Ali mnyamata, mwininyumba wina wa ku Chawama anamutulutsira katundu pamvula, mkazi wake Judith ali ndi mwana kumbuyo. Kuyambira tsiku limenelo Josiah analumbira kuti pakhomo pake sipadzalowanso chinthu cha lendi. Nyumba anamanga yake, ndipo ngakhale wilibala ankakana kubwereka.

Judith anakulira pambaula, kukazinga zitumbuwa, ndipo utsi wa makala unamudya mapapo mwakachetechete. Chaka chimenecho mpweya unayamba kumuperewera. Kungochoka pabedi kufika pakhomo, ankapuma ngati wathamangitsidwa ndi galu. Anamugoneka m'chipatala. Atapezako bwino, dokotala anaitana Josiah ndi mwana wawo Tionge, amene anali woyembekezera, nawauza mosabisa kuti mapapowo sadzabwereranso mwakale. Komabe Judith akanatha kupita kwawo ngati kunyumba kukanakhala makina a magetsi osefa mpweya wa m'chipinda, opatsa wodwala okosijeni kudzera m'kapaipi ka m'mphuno. Popanda makinawo sakanamutulutsa.

Tionge sanagone nayo nkhaniyi. Anayendayenda m'tauni mpaka anapeza sitolo yobwereketsa makinawo pamwezi. Eni ake ankabweretsa okha kunyumba, akawonongeka n'kusinthitsa, ndiponso ankasiya silinda ya okosijeni yothandiza magetsi akathima. Ogulitsa analipo, koma mtengo wake unali woti munthu wowotcherera mageti ayambe wakhala pansi. Tionge anatenga bambo ake kuti akadzionere okha.

"Batate, titenge ya lenti," anatero Tionge atatuluka m'sitolomo. "Mawa chabe babwelesa, bamayi babwela kunyumba."

"Bamako bazipema mpweya wa lenti ine nikali moyo?" anayankha Josiah. "Nizagula yanyowani. Nigulisa poloti ya ku Chazanga."

Tionge anaganiza kuti ndi liuma lija la masiku onse, ndipo sanalakwitse kwenikweni. Koma pansi pa liumalo panali mantha. M'sitolo muja mtsikana wogulitsa anali atafunsa mwaulemu kuti makinawo akuwafuna kwa miyezi ingati, ndipo funso limenelo linamulasa Josiah pamtima. Kwa iye, kuchita lendi kunali kuvomereza kuti masiku a Judith ndi owerengeka. Munthu amagula chinthu akadziwa kuti chikhalitsa pakhomo. Ankafuna kugula kuti imfa imve kuti mkazi wake sakupita kulikonse. Zimenezi sanauze munthu, poti mwamuna wamtundu wake amalolera kutchedwa wamakani kusiyana n'kuti aoneke wamantha.

Poloti ija, malo ake omangapo nyumba, inasanduka nyimbo. Wogula woyamba anaiona, naiyamikira, n'kuzimiririka. Wachiwiri anatchula mtengo wachipongwe. Wachitatu anali munthu wokoma pakamwa, wa mawa mawa osatha. Nyengo yozizira inalowa Judith ali m'chipatala. Josiah sankaphonya nthawi yoona odwala. Ankabwera ndi phala m'fulasiki, kumudyetsa, kumupaka mafuta kumapazi ndi manja ake okhakhala aja, kenaka belu likalira ankatuluka akucheuka. Chikondi chinalipo chodzaza, chimene chinkasowa ndi kumva.

Mkati mwa kudikirako Tionge anachira, mwana wamkazi, mdzukulu woyamba. Kwawo kwa Judith, amene amasambitsa khanda masiku oyambirira ndi mayi wa wobereka, ndipo iye anali atakonzeratu beseni ndi zitenje. Koma m'chipinda cha odwala chifuwa salowetsa makanda. Ntchito ija anaigwira mayi wina woyandikana nawo, ndipo Judith ankangomuona mdzukulu wake pafoni, akusisita galasi ndi chala.

Masana ena Josiah atafika ndi nkhani yoti wogula walonjezanso, Judith anamugwira mkono. Ankalankhula pang'onopang'ono, akupumira pakati pa mawu.

"Batate bake Tionge, khalani apa. Ine nimiziba bwino. Simuyopa lenti imwe, muyopa kuti nizafa."

Josiah atakhala, Judith anapitiriza.

"Nyumba ija tinamanga tonse, ine ninali kutapa manzi. Manje mwanisiya pa bedi yamene si yathu. Iyi nayo ni yobweleka, benangu banagonapo, benangu bazagonapo. Olo mwezi umozi chabe, nifuna nikagone kwathu, nimunyamule mwana."

Mwamuna amene sanagonjerepo munthu anatseka fulasiki, naimirira, napita kukakwera minibasi ya m'tauni belu lisanalire. Mtsikana wa m'sitolo uja anafunsanso funso lomwe lija la miyezi. "Lembani umozi," anatero Josiah. "Nizabwela futi."

Mawa lake Judith analowa m'nyumba mwake. Makina anawaika pafupi ndi zenera, akulira chapansipansi ngati fuliji yakale, ndipo anthu oyandikana nawo ankalowa mmodzimmodzi kudzamulonjera. Anapempha kuti asatseke chitseko, amve phokoso la ana ndi la ogulitsa tomato panjira. Kenaka Tionge anabwera ndi mwana, khosi litalimba kale, akutha kumwetulira.

Judith anatambasula manja. Tionge atamuika mwanayo, manjawo anafooka n'kutsika. Masabata a m'chipatala anali atamumaliza mphamvu imene anali nayo pamene dokotala ankanena zomutulutsa. Anayesanso, koma zinakanika, ndipo misozi inatsikira pa kapaipi kaja.

Josiah anakwera pabedi, nakhala kumbuyo kwake. Anamutsamiritsa pachifuwa pake, nalowetsa mikono yake pansi pa mikono ya mkazi wake, ndipo Tionge anaikanso mwanayo. Anamunyamula awiri.

"Alema uyu," ananong'ona Judith akuseka kulemera kwa mwanayo. "Akula ninalibe kumuona."

"Nikhululukile, bamake Tionge. Ndine ninakuchedwesa."

"Mwanibwelesa. Gwililani bwino mutu wa mwana."

Anachita chimodzimodzi tsiku lililonse dzuwa likafunda. Josiah anatseka kaye malo ake a ntchito, ndipo ofuna mageti anadikira. Judith anadya zimene ankazilakalaka, anakalipira mwamuna wake chifukwa cha tiyi wochepa shuga, anamuimbira mdzukulu wake ndi timawu totsala. Mwezi wa lendi uja usanathe, anatsikira kuli chete ali pabedi lake, chitseko chili chotsegula.

Eni makina atabwera kudzatenga katundu wawo, Josiah anawapukuta fumbi, nawanyamula yekha mpaka pagalimoto. Imfa sanaiimbe mlandu, poti dokotala anali atanena kale. Chimene chinamupweteka, ndipo chimamupwetekabe, ndi nyengo yozizira yonse ija imene mkazi wake anagona pakati pa alendo, manja ali ndi mphamvu zonyamulira mwana, makina ali phee m'sitolo kudikira munthu woti angovomera. Iye ankafuna kumugulira zaka zimene panalibe wogulitsa, n'kutaya masiku amene anali nawo kale m'manja. Akuluakulu sananame pamene anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.