Tsiku Limene Abwana Anadzifufuta Okha

Nkhaniyi anandiuza ndi Mayi Nangondo a kukwaya kwathu, Mulungu awasunge. Mwana wawo Tiyanjane amagwira ntchito pakampani yobwereketsa makompyuta a pa intaneti, osaoneka ndi maso aja. Iye ndiye amagawira anthu malo ndi maakaunti.

Tsiku lina abwana ake, a Chipwaila, anamuitana.

"Mlamu wanga akufuna malo. Ufufute akaunti ya kasukulu ka ana amasiye kaja, apo ayi ntchito yakuthera."

Tiyanjane anagwada. "Bwana, makinawa safufuta munthu pomutchula dzina. Amachotsa waulesi kuposa onse, amene salowamo n'komwe. Dinani apa nokha, ine dzanja landichepera."

Abwana anadina monyadira, poganiza kuti waulesiyo ndi kasukuluko. Akaunti imene inafufutika inali yawo yomwe, poti chiitsegulireni anali asanalowemo.

"Iwe, ndibwezeremo msanga!"

"Wobwezera munthu ndi abwana okha, ndipo makina akuti muno mulibe abwana."

"Nanga ine ndine yani?"

"Sakukudziwani, bambo. Koma ndingakulembeni ngati mlendo."

Mayi Nangondo anamaliza motere: "Mpaka lero amalowamo ngati mlendo, mwanawe, ndipo mlendo safufuta munthu."