Nasibeko ndi Mtengo wa Kuseri kwa Nyumba

Panali mayi wina, Nasibeko, amene anali ndi nazale ya mapeyala m'mbali mwa msewu. Dzanja lake linali lodala pa kumezanitsa. Ankadula kanthambi ka mtengo wobala zokoma n'kukalumikiza pa kamtengo kakang'ono, ndipo kakagwira ankagulitsa. Mayiyu anali ndi mwambo umodzi wosasintha. Wogula asanasankhe mbande, ankayamba wamutengera kuseri kwa nyumba, pa mtengo waukulu umene ankadulako nthambizo, n'kumudulira peyala.

"Mbande zonse zimaoneka bwino zili m'chubu," ankatero. "Yambani mwalawa amake."

Chaka china msewu watsopano unadutsa kutali, ndipo magalimoto anasiya kuima pakhomo pake. Mvula inagwa, anthu anayamba kubzala, koma mbande za Nasibeko zinangokhala m'mizere yake. Mizu inayamba kuboola machubu. Zikanapyola dzinja limenelo zikanapindika mizu, ndipo thukuta la chaka chonse likanapita pachabe. Mtima unamuwawa kwambiri.

Wogula wina wakale anamuuza kuti masiku ano munthu akafuna chinthu amayamba wafunsa foni yake, ndipo amene alibe tsamba la pa intaneti sapezeka. Nasibeko anayamba kufunafuna womukonzera tsambalo. Anabwera anthu awiri tsiku limodzi.

Woyamba anali mlamu wake, Lufeyo, mng'ono wa mwamuna wake, munthu wa nthabwala zosatha.

"Akazanga, mukavutikirenji ndi alendo mwamuna wanu wachiwiri ndilipo?" anatero uku akutsegula laputopu.

Anamuonetsa tsamba limene anakonzera bambo wina wogulitsa anapiye. Koma ndiye linali tsamba! Zilembo zinkavina, kanyimbo kankalira, tianapiye tinkayenda kuchoka mbali ino kupita mbali iyo. Nasibeko anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anatsala pang'ono kuvomera pomwepo, pakuti zinali zokongola, komanso chibale ndi fupa, sichiola.

Wachiwiri anali mayi wina wochokera kutauni, Felesiya, amene anafika pa kabaza nsapato zili matope okhaokha. Iye anayendayenda m'nazalemo akufunsa. Ogula anu amachokera kuti? Akaimba foni amati akufuna chiyani? Nanga mlendo angafike bwanji pano kuchokera pa msewu watsopano? Kenako anaonetsa tsamba limene anakonzera bambo wina wokumba zitsime. Linali lopanda zovinavina. Panali chithunzi cha munthuyo ali pa ntchito, dera lake, ndi nambala ya foni.

Nasibeko anayang'ana laputopu, anayang'ananso kuseri kwa nyumba kumene kunali mtengo uja. Anazindikira kuti onse awiri amuonetsa mbande za m'chubu. Anatulutsa foni yake pansonga ya chitenje.

"Alamu, tsekani makina anuwo. Ine tsopano ndine mlendo, ndikufuna anapiye, ndipo bambo wanu wa anapiyeyo sindikumudziwa."

Analemba kuti akufuna anapiye, natchula dera la bamboyo. Panatuluka ogulitsa ambiri. Anatsetsereka nawo mpaka chala chinatopa, koma tianapiye tovina tija sitinaoneke.

"Mwalakwitsa, akazanga," anatero Lufeyo. "Bweretsani kuno ndikulembereni adiresi yake yonse."

"Ndiye kuti wogula aliyense aziyamba wakupezani inu, alamu? Kodi mudzagona m'foni mwa anthu onse?"

Lufeyo anakanda kumutu, kenako anaseka yekha.

Nasibeko analembanso kuti akufuna wokumba zitsime, natchula dera lake. Bambo wa pa chithunzi uja anatuluka pamwamba penipeni. Sanalekere pomwepo. Anaimba nambalayo Felesiya ali chiimire pambali pake. Anayankha munthu wopuma mwabefu, mawu akumveka ngati ali mumtsuko.

"Pepani mayi, ndili pansi pa chitsime. Ngati ndi ntchito, mudikire mwezi wamawa, anthu andichulukira."

"Ayi bambo, ndimafuna kufunsa za amene anakukonzerani tsamba."

"A Felesiya? Amenewo andilanda tchuthi! Muwauze kuti msana wanga ukuwadandaula."

Nasibeko anadula foni nkhope itawala. Anamugwira Felesiya dzanja, napita naye kuseri kwa nyumba kukamudulira peyala.

Felesiya sanalonjeze zozizwitsa. Ananena poyera kuti tsamba latsopano limatenga masabata angapo kuti liyambe kupezeka. Pa tsambalo analemba mawu omwewo amene ogula amanena akaimba foni. Anaika nazaleyo pa mapu, nafotokoza pokhotera kuchokera pa msewu watsopano. Zithunzi zokha anapempha Lufeyo kuti ajambule, pakuti diso lojambula anali nalo ndithu. Chithunzi choyamba pa tsambalo chinali cha mtengo wa kuseri uja utalemedwa ndi zipatso.

Sabata yoyamba foni inali zii. Yachiwiri inalira kamodzi. Nasibeko ankathirabe ndowe, akuyang'ana kumwamba kuti mvula isathe msanga. Sabata yachinayi kunabwera aphunzitsi a sukulu ina ndi ngolo. Atachoka iwo kunafika gulu la amayi a mpingo, kenako mlimi wina wa kutali ndi lole yake, amene anati sanasochere ngakhale pang'ono. Aliyense anayamba walawa peyala kuseri kwa nyumba. Mvula isanathe, m'nazale munatsala mizere ya dothi lonyowa pamene panali machubu.

Tsiku lonyamula mbande zomaliza Nasibeko anavina pabwalo chitenje chili m'chiuno, ndipo Lufeyo ndiye ankaomba m'manja kwambiri kuposa onse, peyala lili kukamwa.

"Akazanga, munandikana pamaso pa alendo," anatero.

"Ndinakana tsamba lanu, alamu. Inuyo ndikakukanani, adzandithera mapeyala ndani?"

Madzulo omwewo Lufeyo anapita kwa Felesiya kukafunsa mmene angakonzere tsamba la bambo wa anapiye uja kuti nalonso lizipezeka.

Inu amene muli ndi kabizinesi kanu, tsiku lina adzakufikirani okonza masamba, ena achibale, ena alendo, ndipo onse adzakuonetsani zokongola. Musakangane nawo. Afunseni amene anamugwirira ntchito kale, chimene amagulitsa, ndi kumene ali. Kenako tengani foni yanu mumusake ngati mlendo wosamudziwa dzina. Mukamupeza, muimbireni mumve yekha akunena. Safunsa anadya phula. Musanagule mbande, pitani kuseri kwa nyumba mukalawe amake.