Kalumo ka Wamchere

"Minga ija ndinatchinga ndekha panjira, ndi manja angawa. Waichotsa ndani?"

"Ndine. Munthu wagwa ndi ludzu pamphambano, ndimudumphe ngati chitsa?"

Okanganawo anali Chadewa ndi mkazi wake Nambewe, m'mawa dzuwa litangotuluka. Womvetsera anali mlendo yemwe ankamunenayo, atakhala m'kachipinda kosungiramo makasu, kuseri kwa khoma la bango. Inu ana amene mwakulira m'nyumba za lendi mukulidziwa khoma lotere. Wina akatsokomola uko, iwe kuno umati pepani.

Nkhaniyi ndi yakale, kusanabwere chipatala ngakhale njinga. Ine ndinaimva kwa mayi anga aang'ono tili pamzere wa sikelo. Kaya zinachitikadi chonchi, kaya pakamwa pa anthu panawonjezera, ine kunalibeko.

Chaka chimenecho m'mudzimo munalowa nthomba. Osati katsabola kamene kamakuyabwani sabata imodzi n'kupita ayi. Nthomba inkatulutsa matuza thupi lonse mpaka m'kamwa, ndipo wopulumuka ankatsala ndi nkhope ya maenjemaenje. Anthu anachita zonse zimene ankadziwa. Odwala anawasamutsira kumisasa kunja kwa mudzi. Njira anazitseka ndi minga. Mchere anauletsa m'ndiwo mpaka mliri utapita. Ndiye taganizani, mlendo amene Nambewe anamutolayo anali wogulitsa mchere!

Chadewa anali sing'anga, ndipo sanali wabodza. Wolumidwa ndi njoka ankamudzutsa. Wa mutu waching'alang'ala ankamutema mphini ndi lumo lake lalikulu, lomwe anamusiyira malume ake. Koma nthomba inamukanika. Inamutengera ana ake awiri m'mwezi umodzi, ndipo kunatsala kamtsikana kamodzi ka zaka zinayi, dzina lake Tsalani.

"Alendo ndiwo amabweretsa matenda," Chadewa anapitiriza.

"Matenda ali kale muno, atidyera awiri. Iyeyu abweretsa chiyani chimene tilibe? Ndiponso musaiwale, bambo a Tsalani, inunso munabwera ndi njira yomweyo, kamphasa kanu paphewa. Amayi anga sanakutchingireni minga."

Apo Nambewe ananena zoona, chifukwa Chadewa analidi mkamwini pamudzipo. Mlendo uja anatsokomola kuti adziwe kuti wamva, kenaka anatuluka n'kukhala pansi chapatali.

"Zikomo eninyumba. Musalimbane chifukwa cha ine, madzi ndamwa, ndinyamuka. Koma khoma lanuli landiuza kuti kwatsala mwana mmodzi. Mundilole ndilipire madzi anuwa ndi mawu."

Anavula nsalu paphewa n'kuwaonetsa kachipsera pamkono, kakang'ono ngati njere ya dzungu. Anati wadutsa midzi itatu ya nthomba, kwina anathandiza ngakhale kunyamula maliro, koma osadwala. Kwawo, iye anati, nthomba saidikira kuti ibwere yokha. Amafuna munthu amene yamugwira pang'ono ndipo akuchira, n'kutenga timafinya ta thuza lake limodzi. Ndiye amatema pang'ono khungu la munthu wabwinobwino n'kupakapo. Munthuyo amadwala, koma nthawi zambiri mopepuka, ndipo siimubwereranso.

Chadewa anaimirira. "Ine miyezi iwiri ndikuthamangitsa nthomba, inu mukuti ndiitsegulire chitseko ndi kuiyalira mphasa? Pa mwana wanga?"

"Sindikunamizani, bambo. Mwa otemedwa alipo amene amapita. Koma ndi ochepa. Ikabwera yokha mwaona nokha mmene imakololera."

Nambewe anasendera pafupi. Anayang'ana nkhope ya mlendoyo, yosalala ngati chipanda chatsopano. Anayang'ana ya mwamuna wake, ya maenje. Anagwira yake, ya maenjenso.

"Ana anu munawatema?" anafunsa.

"Onse atatu, ndi dzanja langali."

"Alipo?"

"Alipo. Akudya kuposa ine."

Nambewe anatembenukira kwa mwamuna wake. "Ine ndi inu inatigwira tili ana. Miyezi iwiri ino tasambitsa odwala, tagona nawo pamphasa imodzi. Yatibwerera? Mawu a munthuyu akugwirizana ndi nkhope zathuzi."

"Mwana akafa mudzati chiyani?"

"Akafa titangokhala manja lende, inuyo mudzati chiyani?"

Kumeneko mwana anali wa mbumba ya mayi ake, ndipo mawu omaliza anali a malume. Malume a Tsalani, a Kapalamula, anali kumsasa. Nthomba inawagwira mopepuka, matuza owerengeka, ndipo anali atayamba kale kudandaula kuti phala likuchepa. Nambewe anapita kukawafotokozera zonse.

"Mlamu wanga akuti chiyani?" anafunsa a Kapalamula.

"Akukana."

"Ali ndi mankhwala ena?"

"Alibe."

"Ndiye bweretsani mwanayo. Matuza angawa agwireko ntchito, andivutitsa kokwanira."

Masana omwewo anasonkhana pansi pa mtengo wa mkuyu pafupi ndi msasa. Chadewa anabwera nkhope ili gwa, lumo lake lili m'manja.

"Ngati mwana wanga atemedwe, atemedwa ndi ine. Munthu wamchere sakhudza khungu lake."

Mlendoyo sanatsutse. Anangothyola tsamba la nthochi n'kumupatsa. "Ndi bwino, bambo. Koma yambani mwatema apa. Pamwamba pokha, lisabooke. Mukazamitsa, nthomba imalowa ndi ukali."

Chadewa anatema. Tsamba linang'ambika. Anatemanso, linang'ambikanso. Lumo lija linali litatema mphini za mudzi wonse zaka zambirimbiri, ndipo palibe amene anaonapo kuti labuntha, chifukwa panalibe lina lolifanizira nalo. Anthu ankangoti mphini za a Chadewa zimapweteka chifukwa ndi zamphamvu.

Pamenepo mlendo uja anatulutsa kabango m'thumba lake la mchere, n'kusololamo kalumo kakang'ono ngati tsamba la bwemba. Anakadutsitsa pamoto, anadikira kuti kazizire, ndipo anakapereka kwa Chadewa ndi manja awiri.

"Dzanja ndi lanu, ndipo ndi dzanja labwino, ndaliona. Chitsulo chokhachi ndicho changa."

Chadewa anayesa patsamba. Panangotsala kamzere, tsamba osabooka. Anakhala nthawi akuyang'ana kamzereko. Kenaka anagwada, nagwira mkono wa Tsalani. Nambewe anagwira mwamuna wake pachigongono, ndipo iye anatema pang'ono n'kupakapo timafinya ta thuza la a Kapalamula. Mwanayo sanalire n'komwe. Anangofunsa ngati atha kupita kukasewera.

Sanapite kukasewera. Mlendoyo anati wotemedwa akhoza kupatsira anzake, choncho anamugoneka m'kachipinda ka makasu kaja. Masiku asanu ndi awiri kunalibe kanthu. Tsiku lachisanu ndi chitatu thupi linatentha ngati phale. Masiku amenewo Chadewa ndi Nambewe sankalankhulana. Wina akalowa kwa mwana, wina ankatuluka. Chakudya chinkaphikidwa n'kuuma mumphika.

Matuza anatuluka. Nambewe ankawawerenga m'mawa uliwonse ngati nkhuku zake. Anakwana khumi ndi anayi, ndipo anaima pomwepo. Abale ake awiri aja amene anamwalira, matuza awo sankawerengeka. Patapita masiku matuza anayamba kuuma, ndipo tsiku lina kuseri kwa khoma la bango kunamveka mawu: "Amayi, ndikufuna mbatata."

Azimayi ena atamva anayamba kubwera ndi ana awo kumbuyo. Chadewa ndiye ankatema, mlendo ataima pambali. Sindikubisirani, mwana mmodzi mwa otemedwawo anamwalira, ndipo mayi ake sanamuyankhulenso Nambewe mpaka ukalamba. Koma nyumba zambiri zimene zikanatsekedwa zinakhalabe ndi utsi.

Mlendoyo ananyamuka mliri usanathe, chifukwa mchere wake sukanagulidwa pamenepo. Kalumo anakasiya. Anasiyanso kamphumphu ka mchere patsindwi, akuti kadikire tsiku lake. Atapita m'pamene anthu anazindikira kuti palibe anamufunsa dzina. Mpaka lero timangoti Wamchere.

Mwezi utatha wopanda maliro, minga inachotsedwa m'njira. Chadewa ananyamula minga ya pamphambano paja yekha. Anthu anayamba kumutamanda kuti wapulumutsa mudzi, koma iye anakana. "Ine ndinali ndi lumo lobuntha ndipo sindinkadziwa. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa."

Mwambi umene mumaumva uja akuti unachokera pamenepo: mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Sutanthauza kuti mlendo aliyense ndi wanzeru, kapena kuti zakwanu muzitaye. Nambewe sanangovomera. Anayang'ana chipsera, anafunsa za ana ake a munthuyo, anafanizira ndi zimene ankazidziwa kale. Mwambiwu ukuti munthu wochokera kwina akhoza kukhala ndi yankho la vuto limene lakukanikani, chifukwa inu mwazolowera lumo lanu ndipo simuonanso kubuntha kwake. Musamuthamangitse musanamve chimene ali nacho m'thumba.

Ndipo wina asakatenge lezala kukayesa zimenezi. Njira ya Wamchere inali ya nthawi imeneyo, yoopsa, ya anthu osowa pogwira. Pambuyo pake kunabwera alendo ena ndi katemera wosapatsa munthu nthomba, ndipo pano nthomba inatheratu. Agogo anu ena ali ndi chipsera chake pamkono, kawapempheni akuonetseni. Ine mwana wanga wamng'onoyu akalira ndi jakisoni wa anamwino, ndimamutonthoza, koma mumtima ndimathokoza. Ndimathokoza anamwinowo, ndi anthu onse amene anayenda maulendo ataliatali ndi nzeru m'thumba, amene mayina awo sitinawafunse.

Tsiku limene minga inachotsedwa, Nambewe anatsitsa kamphumphu kaja patsindwi. Anaphika nkhwani wotendera ndi mbatata, nathira mchere koyamba m'miyezi inayi. Masiku amenewo mwamuna ankadyera kwake, mkazi kwake ndi ana. Koma Chadewa anatenga mbale yake n'kubwera nayo pakhonde pamene panali mkazi wake ndi Tsalani.

"Mwasokera, bambo a Tsalani?"

"Ndine mlendo. Mundithamangitsa?"

"Mwabwera ndi chiyani m'thumba?"

"Njala yokha."

Nambewe anasendera kuti apeze pokhala. Chadewa anasamba m'manja, analawa nkhwani, natafuna pang'onopang'ono.

"Mchere wachuluka," anatero.

"Idyani," anayankha Nambewe, akumuwonjezera wina.