Masamba a Maliro Pakhomo pa Nangondo

Kalekale, m'tauni ina ya m'tsinde mwa phiri, munali dera lotchedwa Chidikha. Nyumba zake zinali zothithikana, moti ukayetsemula, wa nyumba inayo ankakufunsa za chimfine. Pakati pa deralo pankadutsa ngalande yotsitsa madzi a m'phiri kupita kumtsinje.

Tsono anthu a ku Chidikha anali ndi kachizolowezi kawo. Mvula ikangoyamba, aliyense ankathamanga ndi zinyalala kukakhuthula m'ngalandemo, ati madzi atenga. Wamakala ankakhuthula. Wachipisi ankakhuthula. Ngakhale mkulu wa mpingo ankakhuthula. Ngalande inadzaza, udzu unamera, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Koma paja madzi saiwala khwawa.

Kumunsi kwenikweni kunali nyumba ya mayi wogulitsa mandasi, dzina lake Nangondo. Amuna ake, a Zakeyu, anafa ziwalo, ndipo sankatha kudzuka okha. Chaka china madzi anasefukira, nalowa m'nyumba mpaka kunyambita matiresi. Nangondo anadziwa kuti akadzabwera ochuluka, munthu wamkulu ngati ameneyo sangamubereke.

Anapita kwa anthu a kumtunda. "Tiyeni tikumbe ngalande."

"Kwathu kuno madzi safika, mayi."

Anapita kwa a pakati. "Tiyeni tikumbe ngalande."

"Imeneyo ndi ntchito ya boma."

Anapita kwa oyandikana nawo. "Tiyeni tikumbe ngalande."

"Ifetu timangochita lendi, kauzeni eni nyumba."

Komabe ndisawanamizire, anthuwa sanali oipa. Panali chinthu chimodzi chimene sankachizengereza: maliro. Akaona masamba ayalidwa pamsewu, kusonyeza kuti pakhomopo pagwa zovuta, ankasiya zonse. Amuna ankatenga makasu, mapiki ndi mafosholo okumbira manda. Amayi ankasenza nkhuni ndi ufa.

Tsiku lina m'mawa, mitambo itada bii pamwamba pa phiri, Nangondo anathyola nthambi za mango naziyala pamsewu wa pakhomo pake. Anatero ngakhale ankadziwa kuti kuyala masamba popanda maliro ndi malodza.

Anthu anakhamukira. "Ogo, a Zakeyu atisiya!"

Patsogolo panali a Kachiwanda, mkulu wa okumba manda, khasu lili paphewa. Anavula chipewa nasuzumira m'nyumba. Anapeza a Zakeyu atatsamira khoma, akumwa tiyi.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?" anatero a Zakeyu.

A Kachiwanda anatsala pang'ono kugwa chagada. Anatembenukira kwa Nangondo, maso ali psu.

"Mayi, mutu wanu ukuyenda? Wamwalira ndani pano?"

Nangondo anagwada. "Palibe, bambo. Ndalakwa, ndikudziwa. Koma taonani phirilo. Madzi akabwera, bambo awa sathawa, ndipo ine sindiwasiya. Mudzakumba manda awiri, mudzakumba osanyinyirika, ndimakudziwani. Ndiye ndati, thukuta lomwelo bwanji mulikhetse lero, ife tikuona?"

Kenaka mawu a Zakeyu anamveka m'nyumba muja.

"Maliro sathokoza, achimwene. Ine ndikufuna ndikuthokozeni ndi pakamwa panga."

A Kachiwanda anayang'ana phiri, nayang'ana ngalande, nayang'ana khasu lawo. Analavulira m'manja.

"Mlandu wa masambawu tikamba mawa. Amuna inu, m'ngalande!"

Anakumba a kumtunda. Anakumba a pakati. Anakumba ngakhale a lendi aja. Anavuula majumbo, mabotolo, matayala, mpaka chitseko cha galimoto, ndipo aliyense ankazindikira zake koma osanena. Amayi anaphika nsima ndi ufa wa pamaliro uja, anthu n'kudya akuseka. Dzuwa likupendeka, ngalande inali yoyera mpaka kumtsinje.

Asanasambe n'komwe, mvula inatsika. Inagwa mvula ana inu, yosaona nyumba ya mnzako! Madzi anabwera ofiira, akulindima, atanyamula miyala ndi zitsa. Anafika pa nyumba ya Nangondo, nadutsa m'njira yawo, osalowa ngakhale pakhonde.

Itakata, a Zakeyu anapempha kuti awanyamule. Anawakhazika pakhomo, ndipo a Zakeyu anagwira chanza munthu aliyense, wamatope ndi wamatope, akumutchula dzina.

"Zikomo. Mwandipatsa moyo. Zikomo."

Atafika pa a Kachiwanda, mkuluyo sanathe kudzigwira. Misozi inatsika.

"Ndakumbira anthu kuyambira ndili mnyamata," anatero, "koma lero ndi koyamba kuti amene ndamukumbira andigwire chanza."

Mlandu uja sunakambidwenso. Kuyambira pamenepo, mvula ikamayandikira, okumba manda ankamema dera lonse kukakonza ngalande, ndipo wotayamo zinyalala ankachita manyazi yekha.

Phunziro lake ndi ili: khasu limene ukusungira manda a mnzako, mukumbire nalo akadali moyo. Ine ndakamba zanga, ndipo nthano yathera pompa.