Wojambula Amene Anapala Nkhope ya Maria

Panali munthu wina wodziwa kujambula ndi penti. Dzanja lake linali lofewa, moti pa chithunzi chake sunkaona pomwe padutsa burashi. Akuluakulu a mpingo anamupempha kuti ajambule Maria ali pansi pa mtanda, pakhoma la tchalitchi chawo chatsopano.

Ntchito ili mkati, mlongo wake Nankhoma anaferedwa mwana wamwamuna. Wojambulayo anapita kumaliro, koma atangothira dothi anabwerera, ati penti angamuumire. Pasiwa sanagone nawo.

Chithunzi chinatha. Maria wake anali wa masaya onyezimira, nsalu yabuluu yopanda khwinya, misozi itatu itandandalikana ngati mikanda. Anthu anaomba m'manja.

Patapita masabata awiri, Nankhoma anabwera ku Misa. Anthu atatuluka, iye anaima patsogolo pa khoma lija nthawi yaitali.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "mayi awa ndi okongola ndithu. Koma sanaikepo mwana m'manda."

Wojambulayo anatembenuka kuti ayankhe, ndipo m'pamene anamuyang'anitsitsa mlongo wake koyamba chichitikire maliro. Misozi panalibe. Milomo inali itatuwa ngati phulusa, pansi pa maso patada bii, mapewa atagwa, chitenje chitamangidwa mopotoka. Manyazi anamugwira wojambulayo. Anazolika. Iye wodzitama kuti ali ndi diso, nkhope ya mwana wa mayi ake anali asanaione.

M'mawa mwake anatenga mpeni napala nkhope imene anthu anaiyamikira ija. Anasakaniza penti ndi phulusa ndi makala osinja. Buluu uja anamudetsa mpaka anakhala ngati mtambo wa mvula yokana kugwa. Burashi ankaikoka molemera, kuchokera m'maso kutsikira kuchibwano, mizere yake n'kuisiya yokhakhala, ikuonekera. Msozi sanaike ndi umodzi womwe.

Akuluakulu aja anadandaula kuti waipitsa khoma. Iye anasamba m'manja, napita kwa mlongo wake, nakhala naye pamphasa mpaka dzuwa kupendeka.

Inu amene mukumva, chisoni cha mnzanu musachipake utoto wowala kuti chikomere maso anu. Yambani mwamuyang'ana. Ndipo manyazi akakugwirani poti munachedwa, musathawe nawo. Pitani mukakhale naye pansi.