Khoma la Telala

Faisal atabwerako ku Durban, komwe adatchona zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, adapeza Ndirande itamuiwala. Phiri lomwe adalisiya ndi mitengo adalipeza lometedwa mpala, ndipo pabwalo pomwe ankamenyera chikulunga panali timaokala tothithikana. Bambo ake, Che Ahmadi telala, adaikidwa m'manda iye ali kutali. Uthenga adangoumvera pafoni. Chomwe chidamudikira osasintha chinali khoma limodzi la m'chipinda chosokera.

Che Ahmadi sankasunga buku. Miyeso ya anthu ankailemba pakhoma ndi pensulo: chiuno cha uje, phewa la uje, mkanjo wa Idi wa shehe, diresi laukwati la mwana wa aneba achikhristu. Pansipansi panali kamzere kamodzi: "Faisal, kabudula wa Sitandade 1, chiuno 20." Mwana amene sadaponye dothi pamanda a bambo ake ankaima pamenepo m'mawa uliwonse ngati wobwera kudzapepesa.

Mayi ake, Abiti Hussain, mawondo anali atawakana, pomwe bafa linali panja, kumunsi kwa masitepe asanu ndi awiri oterera. Faisal adaganiza zosandutsa kasitolo kosungiramo katundu ka kuseri kwa khoma lija kukhala bafa la shawa, m'nyumba momwemo. Adaitana Ramsey, mmisiri womanga amene adakhala naye benchi imodzi kupulaimale.

Ramsey adagogoda khomalo, nalikanda ndi msomali. Dothi lofiira lidayoyoka.

"Aise, madala athu njerwa ankamangira matope, simenti njodzola kumaso basi," adatero. "Khoma ili likamwa madzi ndi phala. Tigumule pulasitala mbali inoyi, tipake wina wothira mankhwala oletsa madzi, kenako matailosi."

"Nyundo pakhoma ili ayi. Kuseriku kuli dzanja la bambo."

"Ndiye timange kakhoma kena ka simenti kutsogolo kwake, lakaleli lisakhudzane ndi madzi."

"Malo ake ati? Mpando wosambira amayi ulowa bwanji?" Faisal adang'amba katoni yomwe adabwera nayo, natulutsa mabolodi apulasitiki onyezimira ngati mbale zatsopano. "Ku Durban timangomata awa ndi guluu. Tsiku limodzi, ntchito yatha."

"Ku Durban kuseri kwake kumakhala konkire. Kuno kuseri kwake ndi Ndirande. Madzi sasowa chitseko, m'bale wanga, kamng'alu kawakwana."

"Vuto lanu kuno ndi limeneli. Zaka zonsezi mukadali kukanda makoma ndi misomali."

Ramsey adaseka kuseka kwa munthu wolasidwa. "Chabwino, bwana mtchona." Adabweza msomali wake m'thumba, nanyamuka.

Faisal adamata yekha, ndipo kunena zoona bafa lidakoma. Amayi oyandikana nawo ankabwera ngati odzabwereka mchere, cholinga asuzumiremo. Tsiku loyamba Abiti Hussain adasamba atakhala, madzi akutsika okha, natuluka akumudalitsa mwana wawo m'Chiyao. Kuyambira pomwe adatsika basi ku Wenela, tsiku limenelo ndi lomwe Faisal adadzimva kuti ndi mwana wa pakhomopo.

Koma madzi ankachita zawo mwakachetechete. Ankalowa m'misoko ya mabolodi ndi pomwe paipi idaboola, matope n'kumamwa, osakhuta. "Chipinda cha bambo ako chikununkha chitsime," adadandaula mayi. Faisal adanamizira mvula ya mu Febuluwale. Mvula itatha adanamizira chiperoni. Mawanga atayamba kuoneka m'munsi mwa khoma, adakankhirapo makina osokera kuti asamawaone.

Lachisanu lina akuchokera kumzikiti adapeza pulasitala wa m'chipinda chosokera atatupa ngati chithupsa. Adangoikapo chikhatho, kufuna kumubwezera. Chigamba chonse chidasomphoka n'kugwera pamapazi ake: shehe, mkwatibwi, ziuno ndi mapewa a theka la Ndirande yakale, zonse zidasanduka zinyenyeswa zonyowa. Adagwada n'kuyamba kufufuza ndi zala. Adapeza kachidutswa kolembedwa "chiuno 20". Dzina linali litapita.

Ramsey adabwera atatumiziridwa uthenga. Sadanene kuti ndidakuuza. Adakanganula bolodi limodzi. Kumaso linali likunyezimirabe, koma kuseri kwake kunali chuku chakuda bii, mphemvu zikubalalika, njerwa zikutuluka ndi dzanja.

"Mizere yakumtundayi tiipulumutsa," adatero motsitsa mawu. "Yotsalayo, pepa aise."

Adamanga kakhoma ka simenti kaja, nakapaka pulasitala woletsa madzi, naika matailosi. Bafa lidachepadi. Mpando wakale sudalowe, koma kampando kena kocheperako, kogula mumsika, kadalowa bwinobwino.

Mayi ake adamupeza atakhala pamakina a malemu, kachidutswa kaja kali m'manja.

"Kabudula ameneyo anali wa khaki, ndidapinda ndine m'miyendo," adatero. "Sudalakwe kufuna kusunga dzanja la bambo ako, mwanangu. Koma iwo chovala asanachitame ankayamba achitembenuza, aone msoko wam'kati."

Faisal adakulunga kachidutswako m'kansalu, nakaika m'dirowa ya makina. Ku Durban adaphunzira zambiri, koma adaiwala zomwe Ndirande idadziwa kalekale: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.