Mwana Wonenepa wa Choso

Kudali chaka china, chilimwe chake chosaiwalika. Tchire lidapsa, maluwa adafota, njala n'kulowa m'nyumba mwa Choso, kambalame ka mlomo wautali wopindika kamene kamakhalira kuyamwa timadzi ta m'maluwa. Thupi lake n'lochepa ngati chala, koma matama, abale inu! Pakhosi pake pankanyezimira mobiriwira ndi mofiira, ndiye ankauluka ngati dambo lonse adamusiyira ndi bambo ake.

Mkazi wake, Nankhoma, anali wotuwa ndiponso wosakamba zambiri. Adamanga yekha chisa chawo cholendewera kunsonga ya nthambi, cha udzu ndi ulusi wa kangaude, mwamuna ali pamwamba kuimba. Tsopano ankafungatira mazira awiri, ana awo oyamba, m'mimba muli pululu.

M'dambo monsemo mtengo wokhala ndi maluwa unali umodzi, mvunguti wa a Pusi. Maluwa ake anali ofiirira, akuluakulu ngati zikho, odzaza timadzi. A Pusi ankawadya okha, ndipo adalengeza kuti mbalame yoyandikira adzaisosola yamoyo.

Choso adapita m'mawa, natera chapatali, nkhope ili ngati wadzapepesa maliro. Adawauza a Pusi kuti kwagwa matenda a maluwa, moti anyani akutsidya atsekula m'mimba mpaka akulephera kukwera mitengo.

"Ine ndimayeza, akuluakulu," adatero. "Pakamwa pa duwa sindilowapo, pamenepo m'panu. Ndimangobaya kumbuyo kuno, patsinde, n'kumva ngati muli matenda. Akakhalamo ndimawakoka."

A Pusi, poopa za m'mimba, adavomera. Choso adabaya duwa loyamba, nayamwa, napukusa mutu. Lachiwiri, adapukusanso mutu. Adayeza nthambi yonse mpaka kamimba kadati ndendende, kenaka adati tsopano adye mosaopa. A Pusi adatafuna maluwa aja, osakoma ngati makoko a chimanga, nathokoza kuti matenda achokadi.

M'mawa mwake a Pusi anali ataona timabowo tija, mutu utayamba kugwira ntchito. Choso atafika, adamuitana mokoma kuti asendere pafupi, dzanja lili chire kumbuyo. Choso sadasendere. Adangotembenuzira khosi kudzuwa, ndipo a Pusi, mkwiyo uli pomwepo, maso adawathawira pa kunyezimira kuja. Adafunsa monyinyirika kuti utoto wotere amaupeza kuti.

Choso adayang'ana uku ndi uku ngati akuulula za kudambwe. Adati pali duwa lina limene limang'ung'udza m'kati. Munthu alowetsemo nkhope, atsinzine, adikire, ndipo akamva kutentha asatuluke msanga, chifukwa ndiye kuti utoto ukugwira.

Duwa long'ung'udza lidapezeka, poti munali njuchi. A Pusi adalowetsa mphuno, natsinzina, napirira ndithu ngati mwamuna. Pamene ankagubuduka pansi, mphuno itatupa ngati mbatata, Choso anali pa duwa lachinayi.

"Wayamba kugwira, akuluakulu," adatero akupukuta mlomo. "Pafiira kale."

Apa munthu wanzeru akadaleka. Koma Choso chidamuwawa n'chakuti zonsezi ankachita popanda womuonerera. Tsono a Pusi anali atalumbira, akulondera mtengo ndi miyala m'manja, ndipo chilichonse chonyezimira ankachigenda. Choso adaganiza kuti Nankhoma, pokhala wotuwa, sangaoneke. Iye akavine kutsogolo, a Pusi amuthamangitse mpaka kumtsinje, mkazi amwe mpaka akhute, aonenso ndi maso ake mtundu wa mwamuna amene adamukwatira.

Nankhoma adakana. Adati njala ikumupweteka inde, koma mumtengo wa mthethe woyandikana nawo mwakhala mlendo masiku onsewa, mbalame yaikulupo, yobiriwira kumsana.

"Ilibe chisa, bambo, ndipo sitola udzu. Imangoyang'ana kuno. Ine mazira sindiwasiya nthawi yaitali chotero."

"Ikuyang'ana ine, mayi," adayankha Choso. "Angaleke ndani?"

Adamuumiriza mpaka mkazi adatuluka, mtima uli m'mwamba. Ndipo zidayenda bwino, ndisaname. Choso adavina pamphuno yotupa ija, a Pusi adamulondola akugenda mphepo, nakagwera m'chitedze, n'kubwerako akudzikanda thupi lonse. Nankhoma adamwa, adakhuta. Pobwerera Choso adaseka njira yonse, kufotokoza zimene mkazi adaziona yekha.

M'chisa mazira anali awiri monga kale. Mlendo uja mumthethe munalibe. Nankhoma adayang'anitsitsa, nati limodzi lakula ndipo mawanga ake ndi ena. Choso adati ndi mmene amachitira mazira a m'nyumba yodya bwino.

Dzira lalikulu lidayamba kuswa. Linzake litaswa, kamwana kake sikadakhalitse. Adakapeza pansi, nyerere zitakazinga. Nankhoma adalira kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo sadatsutsenso kanthu. Choso adalira pang'ono, nati bola watsala wamphamvu.

Wamphamvudi! Kukamwa kunali yasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ana a mbalamezi saleredwa ndi timadzi tokha, amafuna akangaude ndi timphutsi, ndiye Choso adasakasaka mpaka mapiko kuwawa. Mwana adapitirira mayi ake, adapitirira bambo ake, chisa chidang'ambika m'mbali. Pomudyetsa, Choso ankachita kulowetsa mutu wonse m'kamwa mwake. Iye mwini adaonda, nthenga zonyezimira zija zidayamba kuthothoka, koma aliyense wodutsa ankamuimitsa kuti aone mwana.

"Mwaona chifuwacho? Ndi ine ndendende."

Mbalame zinzake zinkayang'ana mlomo wa mwanayo, waufupi, wosapindika, n'kuyamikira kuti akuleradi bwino.

Mvula itagwa, mlendo uja adabwerera mumthethe, naimba kamodzi. Mwana wa Choso adatukula mutu, nayankha ndi mawu omwewo, mawu amene m'banja la Choso sadamvekepo. Adatambasula mapiko, nauluka, osatsanzika, osacheuka.

A Pusi adaona zonse ali mumvunguti mwawo. Adaseka mpaka adagwira nthambi ndi mchira, nafunsa ngati mwanayo adamuyeza kaye patsinde.

 Choso adayang'ana chisa chong'ambika, nayang'ana mkazi wake, amene anali atayamba kale kutola ulusi wa kangaude womangira china. Nankhoma sadamunyoze. Adangomuuza kuti ulendo uno iye pamazira sachokapo, ndipo ofuna kuoneredwa akavine okha.

Mpaka lero mukamufunsa Choso za mwana wake woyamba, amakuuzani kuti ali kutali, zikumuyendera, ndipo nzeru adatengera bambo ake.